Malonda a Pakati pa Mayiko: Phindu ndi Zovuta Zake kwa Mlimi wa M'madera a Migodi ku Midlands

MAWU OYAMBA

Mlimi wa ku Connemara, m'mbali mwa msewu wa pakati pa Gweru ndi Kwekwe, mwina sanaonepo nyanja yamchere kapena sitima yonyamula katundu. Komabe mtengo wa feteleza amene amathira m'munda mwake, mtengo wa thonje limene m'bale wake wa ku Gokwe amagulitsa, ngakhalenso kuchuluka kwa anthu ogula tomato wake pa komboni, zonsezi zimatsatira zochitika m'misika ya ku London, New York ndi Shanghai. Malonda a pakati pa mayiko si nkhani ya nduna ndi akatswiri a zachuma okha ayi. Analowa kale m'munda, m'khola ndi m'nkhokwe.

Kapepala kano kalembedwera inu alangizi amene mumagwira ntchito pakati pa mabanja a m'matauni a migodi monga Kwekwe, Redcliff, Shurugwi, Zvishavane, Mvuma ndi Lalapanzi. Ambiri mwa mabanjawa ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo chilankhulo chawo cha Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza. Ochuluka a iwo alibe munda wa makolo kumudzi kumene angathawireko mgodi ukatsekedwa. Chimene ali nacho ndi kamunda ka m'mphepete mwa komboni, dimba, nkhuku ndi mbuzi zowerengeka.

Mfundo yaikulu ya kapepala kano ndi iyi: malonda a pakati pa mayiko amapindulitsa munthu amene ali ndi njira zingapo, koma amapweteka kwambiri amene wadalira mbewu imodzi, wogula mmodzi kapena mgodi umodzi. Udindo wa mlangizi ndi kuthandiza mlimi kuona pamene wadalira chinthu chimodzi, nthawi isanathe.

1. CHIFUKWA CHAKE MAYIKO AMAGULITSANA KATUNDU

Palibe dziko limene lili ndi zonse. Dziko la Zimbabwe lili ndi golide, platinum, chrome ndi fodya, koma mafuta a galimoto, makina ambiri ndi zina zopangira feteleza limagula kunja. Dziko la Malawi limagulitsa fodya, tiyi ndi shuga, pamene la Zambia limadalira mkuwa. Ndalama zakunja zimene katunduyu amabweretsa ndi zimene zimagulira mafuta, mankhwala a m'chipatala ndi zitsulo za mathirakitala.

M'chaka cha 1817 katswiri wa zachuma wa ku England, David Ricardo, anafotokoza kuti mayiko awiri angathe kupindula onse pogulitsana, ngakhale limodzi litakhala laluso kuposa linzake pa ntchito zonse. Chofunika n'chakuti lililonse lilimbikire ntchito imene limapambana nayo kwambiri. Mfundoyi n'njosavuta kuimvetsa. Mlimi wa m'dimba amene amadziwanso kuumba njerwa amachita bwino kugula njerwa kwa mnansi wake, ngati tsiku limodzi la m'dimba limam'patsa ndalama zoposa zimene akanapulumutsa poumba yekha. Onse awiri amapindula.

Koma chiphunzitsochi chimanena za phindu la dziko lonse pamodzi. Sichilonjeza kuti banja lililonse lidzapindula, ndiponso sichinena amene adzasenze katundu wolemera zinthu zikasintha. Apa m'pamene pagona nkhani yathu.

2. MMENE MTENGO WA KUTALI UMAFIKIRA MLIMI

Pali njira zitatu.

Yoyamba ndi zimene mlimi amagula: feteleza, mankhwala a mbewu ndi a ziweto, mafuta a injini ya madzi ndi mapaipi. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, kapena zimapangidwa ndi zinthu zochokera kunja.

Yachiwiri ndi zimene amagulitsa. Mtengo wa thonje, fodya, soya ndi nyama umatsatira msika wa dziko lonse lapansi.

Yachitatu, imene kawirikawiri imaiwalika, ndi thumba la wogula. M'tauni ya mgodi, wogula tomato, nkhuku ndi chimanga chachiwisi ndi wantchito wa mumgodi kapena wokumba golide payekha. Malipiro ake amadalira mtengo wa mwala umene akukumba. M'chaka cha 1999 golide anatsika kufika pafupifupi madola 250 a ku America pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31, ndipo migodi yambiri inavutika. M'mwezi wa Malichi 2025 mtengowo unapitirira madola 3,000. Golide akakwera, masamba ndi nkhuku zimayenda malonda, komanso anyamata amasiya khasu kupita kokumba, aganyu opalira amasowa kapena kukwera mtengo, ndipo maenje ndi matope zimawononga madambo ndi mitsinje. Choncho ngakhale mlimi amene sanatumizepo kanthu kunja ali kale pa msika wa dziko lonse.

Palinso mfundo ina yofunika kwa mayiko opanda nyanja monga Zimbabwe, Malawi ndi Zambia. Katundu wolowa kapena wotuluka amayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala, Durban kapena Dar es Salaam, ndipo mtengo wonyamulira ndi waukulu. Tiyerekeze chabe, ndi manambala ongophunzitsira, kuti tani ya chimanga ikugulidwa madola 250 pa msika wa kunja, ndipo kunyamula pakati pa msikawo ndi Gweru, pamodzi ndi zolipira pa chipata, kukudya madola 100. M'chaka cha njala, chimanga cholowa chidzafika ku Gweru pa madola 350, ndipo mtengo wa m'dziko udzakwera kuyandikira pamenepo. M'chaka cha zokolola zochuluka, wamalonda wofuna kutumiza chimanga kunja sangagule kwa mlimi moposa madola 150, apo ayi aluza. Pakati pa 150 ndi 350 pali mpata waukulu, ndipo n'chifukwa chake mitengo ya chimanga kuno imagwa kwambiri pa chaka chabwino ndi kukwera kwambiri pa chaka cha chilala. Boma lingathe kuchepetsa kusinthaku kudzera m'mitengo ya Grain Marketing Board ndi ziphaso zolowetsera katundu, koma silingafafanize mtunda wa kudoko. Msewu wabwino, njanji yoyenda ndi chipata chosachedwetsa zimachepetsa mpatawu, ndipo wopindula ndi mlimi pamodzi ndi wogula.

3. UBWINO WA MALONDA A PAKATI PA MAYIKO

(a) Msika waukulu

Anthu a m'dziko limodzi sangathe kugula fodya, thonje kapena platinum yense amene dzikolo limatulutsa. M'chaka cha 2023 alimi a ku Zimbabwe anagulitsa fodya wokwana makilogalamu pafupifupi 296 miliyoni, ndipo wochuluka anachokera kwa alimi ang'onoang'ono. Pafupifupi yense anapita kunja, ndipo wogula wamkulu ndi dziko la China. Popanda msika wakunja, ulimi umenewu sukanakhalapo. Chimodzimodzi migodi ya platinum ya Unki pafupi ndi Shurugwi ndi Mimosa pafupi ndi Zvishavane: imalemba anthu ntchito chifukwa kuli ogula kutsidya kwa nyanja, ndipo antchitowo ndiwo amagula zokolola za alimi oyandikana nawo.

(b) Mbewu, zipangizo ndi nzeru zatsopano

Chimanga chimene timachiyesa chathuchathu chinachokera ku America, ndipo chinafika kuno kudzera m'malonda a panyanja chaka cha 1500 chitadutsa. Mtedza, chinangwa, mbatata, tomato ndi fodya zinachokeranso komweko. Kuyenda kwa mbewu sikunathere pomwepo. Mbewu ya chimanga ya SR52, imene inatulutsidwa ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare, m'chaka cha 1960, inafalikira ku Zambia, Malawi ndi mayiko ena. Mitundu ya chimanga yopirira ku chilala imene bungwe la CIMMYT limakonza ku Harare imafika kwa alimi a mayiko ambiri kudzera m'makampani ogulitsa mbewu. Masiku ano mapampu oyendera dzuwa ndi mafoni a m'manja, zomwe zambiri zimapangidwa ku Asia, zafika pa mtengo umene kalabu ya alimi ingathe kukwanitsa.

(c) Chakudya pa nthawi ya chilala

Achikulire akukumbukira chilala cha 1991/92. Dziko la Zimbabwe, limene linkadziwika ndi kugulitsa chimanga kwa anansi ake, linaitanitsa pafupifupi matani 2 miliyoni kuchokera kunja. Chambiri chinali chachikasu, ndipo anthu anachipatsa dzina lakuti Kenya. Ambiri sanachikonde, koma chinapulumutsa miyoyo. M'chaka cha 2024, chilala cha El Niño chinachititsa kuti Zambia mu Febuluwale, Malawi mu Malichi ndi Zimbabwe mu Epulo alengeze kuti m'mayiko mwawo mwagwa tsoka. Apanso chimanga chochokera ku South Africa, Tanzania ndi kwina ndicho chinadzaza mpata. Chilala sichigwa paliponse nthawi imodzi, ndipo malonda ndiwo amasamutsa chakudya kuchoka kumene chatsala kupita kumene chaperewera.

(d) Mitengo yotsika kwa ogula ndi chuma chobwera ndi akunja

Mlimi ndi wogulanso. Sopo, mafuta ophikira, malata ndi zovala zikamapikisana ndi zakunja, mitengo imatsika. Ndiponso msika wakunja umakopa eni chuma kudzamanga mafakitale. Fakitale ya chitsulo ya Dinson ku Manhize, pafupi ndi Mvuma, imene inamangidwa ndi ndalama zochokera ku China, inayamba kutulutsa chitsulo m'chaka cha 2024.

4. ZOVUTA ZAKE

(a) Mitengo yosakhazikika

Alimi a thonje a ku Gokwe ndi mboni. Mu Malichi 2011 mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse unapitirira madola 2 pa paundi imodzi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'nthawi yathu. Alimi anakulitsa minda, ndipo mu 2012 dziko la Zimbabwe linakolola matani pafupifupi 350,000. Koma pamene thonjelo linkafika pa sikelo, mtengo wakunja unali utagwa kale kufika pansi pa dola imodzi. Alimi ambiri analephera kubweza ngongole za zipangizo, anagwa mphwayi, ndipo pofika 2016 zokolola sizinafike ngakhale matani 40,000. Phunziro lake n'lakuti mlimi amabzala poona mtengo wa chaka chatha, koma amalipidwa mtengo wa chaka chino.

Zogula nazonso zimatero. Pakati pa 2020 ndi Epulo 2022 mtengo wa feteleza wa urea pa msika wa dziko lonse unakwera koposa katatu, kaamba ka kukwera mtengo kwa gasi amene amapangira fetelezayo ndiponso nkhondo ya Russia ndi Ukraine imene inakula mu Febuluwale 2022. Mlimi wa ku Midlands analibe mbali pa nkhondoyo, koma anailipira pa thumba lililonse.

(b) Mpikisano wosafanana mphamvu

Mayiko olemera amathandiza alimi awo ndi ndalama zambiri za boma, motero alimiwo amapitiriza kulima ngakhale mtengo utagwa, ndipo katundu wochuluka amatsitsa mtengo wa aliyense. M'chaka cha 2002 dziko la Brazil linakasuma ku bungwe la World Trade Organization pa chithandizo chimene dziko la United States linkapereka kwa alimi a thonje, ndipo linapambana mlanduwo mu 2004 ndi 2005. Mu 2003 mayiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula za nkhani yomweyo. Mu 2015, pa msonkhano wa ku Nairobi, mayiko anagwirizana zothetsa chithandizo cholipirira zokolola zotumizidwa kunja, koma chithandizo cha m'kati mwa mayiko olemerawo chikadalipo.

Mphamvu ya ndalama nayonso ili ndi mbali. Dziko la Zimbabwe litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, ndipo randi ya ku South Africa itafooka m'zaka zotsatira, mbatata ya kachewere, anyezi, nkhuku ndi mafuta ophikira zochokera kum'mwera zinkafika m'masitolo motchipa kuposa za alimi a kuno.

(c) Kufa kwa mafakitale ndi matauni odalira chinthu chimodzi

Pulogalamu ya ESAP, imene inayamba mu 1991, inatsegula zipata mofulumira. Mafakitale a nsalu amene ankagula thonje la m'dziko anapanikizika ndi nsalu zotchipa zakunja ndi kaunjika, amene kuno amatchedwa mabhero ndipo ku Zambia salaula. Anthu masauzande anachotsedwa ntchito. Ogula anapeza zovala zotsika mtengo, koma thonje lambiri linayamba kutuluka m'dziko losawombedwa, ndipo phindu la kuwomba ndi kusoka linapita kwina.

Ku Redcliff, fakitale ya chitsulo ya ZISCO, imene pa nthawi ina inkalemba anthu oposa 5,000, inaleka kupanga chitsulo mu 2008. Ku Zvishavane, mgodi wa asbestos wa Shabanie unaima cha m'ma 2010, pamene mayiko a European Union anali ataletsa kale mwalawo kuyambira 2005 ndipo South Africa kuyambira 2008, pa zifukwa za umoyo. Ku Kwekwe, mitengo ya chitsulo chosakaniza ndi chrome itagwa mu 2015, ng'anjo zina za Zimasco zinazimitsidwa ndipo antchito anachepetsedwa. Si bwino kunena kuti malonda akunja okha ndiwo anachititsa zonsezi. Ngongole, makina okalamba, kusowa kwa magetsi, mikangano ya umwini ndi kayendetsedwe kofooka zinali ndi mbali yaikulu. Koma kwa mayi wogulitsa masamba pa chipata cha komboni, zotsatira zake n'zimodzi: ogula amasowa tsiku limodzi.

Nkhani ya Sable Chemicals, pafupi ndi Kwekwe, ikukhudza ulimi mwachindunji. Fakitaleyi inayamba kupanga feteleza wobereketsa wa ammonium nitrate mu 1969, ndipo kwa zaka zambiri inkadzipangira ammonia pogwiritsa ntchito madzi ndi magetsi ochuluka. Njirayi inakwera mtengo poyerekeza ndi ammonia wakunja wopangidwa ndi gasi, kotero kuti mu 2015 gawolo linatsekedwa ndipo fakitale inayamba kudalira ammonia wobwera pa njanji kuchokera ku South Africa. Kugula kunja kunali kotchipa, koma kunamangiriza feteleza wa mlimi ku ndalama zakunja ndi ku mitengo ya gasi ya mayiko akutali.

(d) Malamulo a wogula

Wogula wakunja ali ndi ufulu wokana katundu. Pa mapangano a Lomé, dziko la Zimbabwe linkaloledwa kugulitsa nyama ya ng'ombe yokwana matani 9,100 pa chaka ku Ulaya pa mtengo wabwino. Mu Ogasiti 2001 kunabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo msikawo unatsekeka. Ng'ombe zochepa zoyenda popanda chilolezo zingatayitse dziko lonse msika.

Ku Malawi, mtedza umene unkapita ku Ulaya wochuluka unataya msikawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Lamulo la European Union sililola mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 a poizoniyu pa magawo 1,000 miliyoni. Alimi a ku Mchinji, mothandizidwa ndi NASFAM ndi ICRISAT, anabwereranso pa msika wa ku Britain atayamba kuumitsa, kusankha ndi kuyeza mtedza wawo mosamala.

Nthawi zina wogula amangosintha maganizo. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mitengo inagwa kwambiri ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania, ndipo alimi anatsala ndi matumba m'nyumba. Nandolo analibe vuto lililonse. Vuto linali lakuti wogula anali mmodzi.

(e) Tizilombo ndi matenda oyenda ndi katundu

Nankafumbwe wamkulu, amene amaboola chimanga ngakhale nkhokwe yeniyeniyo, anachokera ku Central America ndipo anaoneka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mbozi yowononga chimanga ya fall armyworm, yochokeranso ku America, inaoneka kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2017 inali itafika ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Ndalama zimene mlimi amawononga polimbana ndi tizilomboti ndi mbali ya mtengo wa dziko lolumikizana.

(f) Kutseka zipata mwadzidzidzi

Kutseka malire nako kuli ndi zowawa zake. Mu 2016 boma la Zimbabwe linakhwimitsa kulowa kwa katundu wambiri kudzera m'lamulo la Statutory Instrument 64. Mafakitale ena a m'dziko anapezako mpumulo, koma amalonda ang'onoang'ono odutsa malire anavutika, ndipo ku Beitbridge kunachitika zipolowe. Mu 2024 dziko la Zambia linaletsa kutumiza chimanga kunja, zomwe zinakhudza anansi amene ankadalira chimangacho. Mu Epulo 2025 dziko la Tanzania linaletsa zokolola zochokera ku Malawi ndi South Africa pobwezera ziletso za mayikowo, ndipo ngakhale chiletsocho chinachotsedwa patapita masiku ochepa, ogulitsa zinthu zosachedwa kuwola anali ataluza kale. Kuletsa chimanga kutuluka kumathandiza wogula wa m'tauni chaka chimenecho, koma kumatsitsa mtengo wa mlimi ndi kum'fooketsa kubzala chaka chotsatira.

5. MAPANGANO OYENERA KUWADZIWA

Bungwe la World Trade Organization linayamba ntchito pa 1 Januwale 1995, ndipo mayiko a Zimbabwe, Malawi ndi Zambia analowa m'chaka chomwecho. Bungwe la COMESA linakhazikitsa dera la malonda opanda msonkho wa pa chipata mu Okutobala 2000, ndipo mayiko atatuwa anali m'gulu la oyamba. Pangano la zamalonda la SADC linasainidwa ku Maseru mu 1996, ndipo dera lake la malonda omasuka linakhazikitsidwa mu 2008. Pangano la Africa yonse, la AfCFTA, linasainidwa ku Kigali mu 2018.

Chothandiza kwambiri anthu wamba ndi ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa Simplified Trade Regime, imene inayamba mu 2010 pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Katundu wosapitirira mtengo umene unaikidwa, wopangidwa kapena wolimidwa m'mayikowa, amene ali pa mndandanda wogwirizana, amadutsa ndi fomu yosavuta popanda msonkho wa kasitomu. Komabe misonkho ina ya m'dziko ndi ziphaso za umoyo wa mbewu ndi ziweto zimafunikabe. Mabanja a m'migodi amene ali ndi abale ku Lilongwe kapena Chipata, ndiponso amalankhula chilankhulo cha kumeneko, ali ndi mwayi pa malonda amenewa. Alangizeni kuti ayambe afunsa pa ofesi ya pa chipata za mndandanda wa chaka chimenecho asanagule katundu.

6. ZIMENE MLANGIZI ANGACHITE

Mlangizi sangasinthe mtengo wa ku London. Koma angathandize banja kukonzekera. Nazi mfundo zisanu ndi zitatu zokambirana ndi alimi pa misonkhano ya kalabu ndi pa minda ya chitsanzo.

1. Werengetsani phindu ndi mitengo itatu. Musanalimbikitse mbewu yogulitsa, werengani pamodzi ndi mlimi zimene adzapeze pa mtengo wabwino, wapakati ndi woipa wa zaka zisanu zapitazo. Ngati mtengo woipa ungam'gulitsitse mbuzi kapena njinga kuti abweze ngongole, achepetse munda wa mbewuyo.

2. Sungani kaundula wa mitengo. Chaka chilichonse lembani kuti thumba limodzi la feteleza likufuna matumba angati a chimanga. Nambala imeneyi sisokonezeka ndi kusintha kwa ndalama, kaya ndi dola kaya ndi ZiG imene inayamba mu Epulo 2024, ndipo imauza mlimi ngati feteleza akum'pindulira.

3. Chakudya chiyambe. Madera ambiri a Midlands ali m'zigawo za ulimi za III ndi IV, kumene mvula ndi yochepa komanso yosadalirika. Banja likhale ndi gawo la chimanga chocha msanga, mapira, mchewere, khobwe ndi mbatata lisanaganize za mbewu yogulitsa.

4. Wogula asakhale mmodzi. Kalabu imene imagulitsa masamba onse ku mgodi umodzi ifunefune msika wina ku sukulu zogonera komweko, ku zipatala ndi m'misika ya Gweru ndi Kwekwe pamene zinthu zikadali bwino.

5. Werengani kontirakiti mokweza pamaso pa onse. Alimi adziwe mtengo wa zipangizo zimene akukongola, kasankhidwe ka magiredi, ndalama imene adzalipidwe nayo, tsiku la malipiro, ndi amene adzasenze ngongole mvula ikakana. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo: mtengo wolonjezedwa pakamwa si ndalama.

6. Chepetsani kudalira feteleza wogula. Manyowa a khola, kompositi, kuphimbira nthaka monga mwa njira ya Pfumvudza, ndi kasinthasintha wa chimanga ndi mtedza, soya kapena khobwe zimachititsa kuti thumba limodzi lifike patali. Feteleza wochepa wothira pa phando, pa nthawi yake, amaposa wambiri womwaza mochedwa.

7. Samalani ubwino wa zokolola. Mtedza ukumbidwe pa nthawi yake, uume bwino usanasungidwe, usanyowetsedwe pofuna kufewetsa makoko, ndipo wofufuta ndi wosweka uchotsedwe. Ng'ombe zisayende popanda chilolezo cha adokotala a ziweto. Kachilombo kapena matenda achilendo akaoneka, dziwitsani a zofufuza mwamsanga.

8. Limbikitsani kugulitsa pagulu ndi kukonza zokolola. Wamalonda sabwera ndi lole chifukwa cha matumba asanu, koma amabwera chifukwa cha matumba mazana awiri osankhidwa bwino. Chiponde, mafuta a mpendadzuwa ndi mfutso zimasungika, zimadikira mtengo wabwino, ndipo phindu la kukonza limatsala pa mudzi.

MAWU OMALIZA

Walira mvula walira matope. Dziko limene likufuna msika wa fodya ndi platinum, mbewu zamakono ndi chimanga cha pa chilala, liyenera kuyembekezeranso mitengo yogwa, mpikisano ndi malamulo a ogula. Kutseka zipata zonse kungabweretse umphawi, ndipo kuzitsegula mosakonzekera kunasiya mabala amene akuonekabe ku Redcliff ndi Zvishavane. Zosankha zazikulu zili m'manja mwa maboma, koma chosankha cha munda uliwonse chimapangidwa ndi mlimi, nthawi zambiri atamva mawu anu. Pa ulendo wanu wotsatira, funsani banja lililonse mafunso atatu: mumagulitsa chiyani, amagula ndani, nanga wogulayo atasowa mawa mungatani? Banja limene lilibe yankho pa funso lachitatu ndilo loyamba kulithandiza.